NyaGondwe Anavina Yekha

Ku Katoto palibe amene samudziwa NyaGondwe, mayi wa kaunjika amene msana wake unathera kusenza mabelo. Ululu unayambira m'chiuno n'kutsikira mwendo wamanzere, mpaka phazi linangoti lende. Akamayenda, zala zinkakhula pansi, patapata n'kutsala m'mbuyo. Atagwa pamsika, anzake anayamba kunong'onezana kuti waponda mankhwala.

"Ndani angandilodzere mabulauzi akale?" anakalipa motero, n'kukwera kabaza wa kuchipatala.

Adokotala anati msana wapanikiza mtsempha wodzutsa phazi. Opaleshoni anati idikire kaye, ayambe wayesa mafizo. Mabelo anamuletsa, n'kumupatsa chipulasitiki chogwira phazi mpaka m'katumba, cholowa mu nsapato ya zingwe basi. M'mawa uliwonse ankakoka phazilo ndi chitenje, akulilalatira ngati mwana waulesi.

Kenako unafika ukwati wa mwana wake, Mwawi. Akomiti anagwirizana kuti amayi onse avale gogoda zofanana. Mlamu wake anamukokera pambali.

"Mulamu, inu mungokhala pampando. Ife tikuvinirani."

"Yewo chomene," anayankha NyaGondwe. "Kodi pobereka mwanayu munandiberekeranso ndinu?"

Tsikulo analowa mu holo atavala nsapato zoyera zothamangira, chipulasitiki chili poyera, osachibisa n'komwe. Phazi silinachire lonse, komabe linkaponda pomwe mwini wake wafuna. Dzuwa likupendeka, amayi a gogoda anali atakhala pansi, nsapato zili m'manja, akusisita zidendene.

NyaGondwe anadutsa pamaso pawo akutyola chiuno.

"Khalani, alamu," anatero. "Ndikuvinirani."