Mayina Atatu Pansi pa a Maruhum

Bambo anga, a Maruhum Sitompul, anagwira ntchito ku positi ya ku Tarutung zaka makumi atatu, koma ntchito ya pamtima pawo inali kusaka akufa. Maliro akangomveka kwa a Sitompul ena alionse, kaya ku Sibolga kaya ku Medan, iwo anali atakwera kale basi, kope lili m'khwapa. Anthu akulira, iwo ali pakona kupanikiza nkhalamba: agogo anu anabadwa kwa yani? Ankalemba tarombo, mndandanda wa makolo a mtundu wathu, ndipo anafika mibadwo khumi ndi isanu ndi umodzi.

Tarombo imayenda ndi ana aamuna okha. Bambo anabereka akazi okhaokha: ine Dameria, Tiurma ndi Risma. M'makope onse aja munalibe dzina lathu ndi limodzi lomwe.

Kunena zoona, tinatopa nawo. Ngakhale kuwagulira mphatso chinali chintchito. Malaya atsopano sankavala. Kamakina kojambulira mawu anakatsekera m'kabati, ati nkhalamba zimachita nako manyazi. Ndiye atatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, Risma anati tibe makope aja, tikasindikize tarombo yonse pachipepala chachikulu chopachika pakhoma. Monga mwa masiku onse, wotumidwa ndinali ine.

"Pansi pa a Maruhum palibe kanthu, eti?" anafunsa wosindikiza.

"Pali ife atatu. Lembani."

"Aa, mayi, mukufuna a Sitompul adzandigwetsere shopu?"

"Lembani basi, bambo. Ndatopa ine."

Tsiku la phwando, anthu atamaliza nsomba ndi mpunga, tinatambasula chipepala patebulo. Mkulu wawo wa bambo, a Jamulia, amene ali ndi anyamata asanu ndipo saiwala kutikumbutsa, anatsetsereka ndi chala mpaka pansi.

"Iwe Maruhum, anyamata atatu awa unkawabisa kuti? Dameria, tabwera tione ndevu!" Anthu anafa nako kuseka. "Ufufute zimenezi usanapachike, Maruhum. Akazi amawerengedwa kwa amuna awo."

Bambo anakulunga chipepala, anati zikomo, n'kukachiika pamwamba pa kabati. Zinandipweteka kwambiri. Ndinadziwa kuti tsiku lina adzandituma ine ndemwe kukafufutitsa dzina langa.

Mlungu wotsatira anakwera basi popanda maliro. Kenako ina, kenako inanso. Miyezi iwiri munthu wa maondo otha akuzungulira midzi, akubwerako nkhope yakugwa. Ine ndinkangowalongedzera mankhwala ndi khofi, mphamvu zofunsa ndinalibe.

Lachinayi lina masana anafika kuchokera ku Sipirok, n'kukhala pakhonde osavula nsapato. Anandipatsa kope latsopano. Ndinatsegula. Patsamba loyamba panali mizere inayi yopanda kanthu, kwina konse koyera.

"Agogo anga anali ndi alongo anayi," anatero. "Ndimafuna mayina awo. Ndafunsa paliponse, mwanawe. Uyu akuti wina anakwatiwa kwa a Hutagalung, uyu akuti wina ankadziwa kuluka nsalu. Dzina, ayi."

"Palibe amene akukumbuka?"

"Analipo. Ndinkakhala nawo pamphasa imodzi, cholembera chili m'manja, zaka zonsezi. Ndinkawafunsa za amuna okhaokha. Onse ndinakawaika m'manda ndekha."

Anasisita bondo. Sindinawaonepo atakalamba chotero, ndipo mkwiyo wanga unasanduka chisoni.

"Nanga chipepala chija, bambo?" ndinafunsa. "Ndikachibweze kwa wosindikiza?"

"Pita kwa Jamulia ukabwereke nyundo ndi misomali. Akafunsa, umuuze ntchito yake." Anaweramira pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. "Ana aakazi a mtundu uno, inu atatu nokha ndi amene ndakupezani mudakali ndi mayina."