Madzi Amene Ndinakana pa Mjigo

Ndikukumbukira Okutobala wa chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, kumudzi kwathu kumwera kwa Mzimba Boma. Tchire linali litapsa, mapiri ali bii, ndipo nyenje zinkalira m'mitengo ya masuku osapuma. M'nyengo yoteroyo ndi pamene sukulu yathu inakonza mpikisano wothamanga mtunda wautali. Njira yake inkazungulira phiri, kudutsa m'dambo, n'kubwerera pabwalo la sukulu. Ana asanu oyambirira anali oti adzakwera lole kupita ku Boma kukapikisana ndi masukulu ena. Ine ku Boma ndinali ndisanapondeko.

Komabe mtima wanga sunali kwenikweni pa loleyo. Ndinkafuna kusangalatsa a Kachingwe, aphunzitsi athu a masewera, omwe kwawo kunali ku Dedza. Ndinali mwana wamanyazi, wokhala kumbuyo m'kalasi, woyankha funso maso ali pansi. Tsiku lina anandiona ndikupirikitsa mbuzi zomwe zinalowa m'munda wa sukulu, ndipo anandiitana ndi dzina langa. Sindinkadziwa n'komwe kuti amalidziwa. Anati miyendo yangayi ndi yoyenera kukaonekera ku Boma. Kuyambira tsikulo, chilichonse chimene ankanena ndinkachigwira ndi manja awiri.

Litatsala tsiku limodzi, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango n'kutichenjeza kuti tisamwe madzi ambiri tisanathamange, chifukwa amalemetsa mimba ndipo amabaya m'nthiti. Anzanga anavomera, n'kuthamangira kumjigo monga mwa masiku onse. Ine ndinaganiza kuti ngati kumwa pang'ono n'kwabwino, kusamwa n'komwe ndiye kwabwino koposa. Kunyumba ndinadya mbatata yootcha popanda chotsitsira. M'mawa mayi atandipatsa chikho cha chindongwa, thobwa lakwathu, ndinawanamiza kuti ndamwa kale.

Tinayenera kunyamuka kukadali kozizira, koma tinadikira alendo mpaka dzuwa linafika paliwombo. Wezulo italira, tinauyatsa. Mchenga unkawotcha mapazi moti munthu sukanafuna kuima. Kuseri kwa phiri kunali mnyamata wa Sitandade 8 amene ankatipaka inki pamkono, kuti wina asadule njira. Pamene ankandipaka, anandiuza kuti ndine wachitatu.

Potsetsereka kulowera kudambo, lilime linauma ngati chikopa. Thukuta linasiya kutuluka, ndipo ndinadabwa kumva kuzizidwa dzuwa likuswa mtengo chonchija. Pafupi ndi njira panali mjigo, ndipo a Nyamoyo, mayi wolima tomato amene ankapemphera limodzi ndi mayi anga a Nyajere, anali akupopa madzi. Atandiona anatunga m'chikho n'kuima pakati pa njira.

"Mwana wa Nyajere, imwa. Dzuwa lakalipa chomene."

"Yewo amama, koma andiletsa," ndinatero, ndikuwomba m'manja uku ndikuwalambalala.

Sindinapite patali. Miyendo inayamba kuponda pamene sindinaitume, mitengo n'kumaoneka iwiriiwiri. Ndinakhala pansi pa msuku, ndikudziuza kuti ndingopuma pang'ono. Anzanga anayamba kudutsa mmodzimmodzi. Mnzanga Chiukepo podutsa anaseka kuti wa ku Boma wagona panjira. Ndinawawerenga, ndipo atakwana asanu amene anali patsogolo panga, ndinasiya kuwerenga. Chimene chinandiwawa si lole ayi, koma kuti a Kachingwe adzayang'ana pabwalo osandiona.

A Nyamoyo anafika ndi ndowa. Ulendo uno sanandifunse. Anandithira madzi kumutu, n'kunyowetsa chitenje chawo kundifunditsa m'khosi, kenaka anandimwetsa pang'onopang'ono. Madziwo ankamveka chitsulo cha mjigo, koma mpaka lero sindinamwepo okoma kuposa amenewo.

Patapita nthawi a Kachingwe anatulukira pa njinga, akutsatira otsalira. Ndinayesa kuimirira, koma zinakanika.

"Pepani aphunzitsi," ndinatero, "ndamwa madzi."

Anandifunsa kuti ndinali nditamwa liti komaliza. Ndinawauza kuti dzulo, asanatiyankhule pansi pa mango paja. Apo a Nyamoyo anawadzudzula m'Chitumbuka chothamanga chimene aphunzitsiwo ankangotolamo apa ndi apo, ngakhale tanthauzo lake silinkasowa womasulira. A Kachingwe anavula kapusi n'kunena kuti, "Phepani, amama." Kenaka anatenga chikho chija, anatunga, namwa onse ine ndikuona. Anatunganso n'kundipatsa.

Anandikweza pakaliyala, iwo n'kumakankha njinga wapansi mpaka kusukulu. Panjira sanatchule za mpikisano. Anangondifunsa mayina a mitengo m'chiyankhulo chathu, ine n'kumawauza.

Ku Boma ndinadzafika patapita zaka zitatu, pokayamba sekondale, ndipo ndi kumene ndikukhala mpaka pano. Masiku ano ana akamathamanga, m'njira mumakhala anthu ndi zigubu, aphunzitsi n'kumawakakamiza kumwa. Ndikawaona ndimaseka ndekha. Mwana wanga wamkazi anatengera ine: maso pansi, ndipo chimene wauzidwa amachichita mopitiriza. N'chifukwa chake ndikamuletsa kanthu sindisiyira pomwepo. Ndimakhala naye pansi n'kumuuzanso pamene lamulolo likuthera.