Dzanja Limodzi la Aphunzitsi Bronsema

Januwale uja madzi anaundana m'ngalande zonse, msewu n'kumaterera ngati sopo. Ndinawaza mchere pakhomo kuti madzi oundanawo asungunuke, n'kukwera basi kukaona Aphunzitsi Bronsema kuchipatala. Sitiroko inawagwetsa pa Khirisimasi.

Mayi amenewa anaphunzitsa mudzi wathu wonse kuwerenga, zaka makumi anayi. Mawu aatali ankatidulira m'zidutswa, ife n'kumawomba m'manja pa chidutswa chilichonse. Liwu lawo linkafika mpaka kuminda ya kachewere. Sanatukwanepo munthu.

Ndinawapeza pawindo, dzanja lamanja litalobodoka pamwendo.

"Mwaswera bwanji, Aphunzitsi? Ndine Tjark."

Anandiyang'ana.

"Galu iwe!"

Zinatuluka bwinobwino, osadodoma. Ndinakhala pabedi.

"Iwe wapepukidwa," anatero Hilke, mwana wawo wamkazi. "Abusa dzulo anatuluka makutu akuyaka. Zotukwana zokha ndiye zawatsalira."

Kenako anandiuza motsitsa mawu. Lachisanu adokotala adzawayesa. Akatha kutchula pafoni msewu umene amakhala, abwerera kunyumba kwawo. Akalephera, apita kunyumba ya okalamba, pakuti munthu wokhala yekha akagwa ayenera kudziitanira ambulansi.

Msewu wawo ndi Populierenlaan, nyumba nambala seveni. Anayesa. "Po... po..." Anakweza dzanja lamanzere kuti awombe, koma linzake silinabwere. Linangokhala m'mwamba lokha. Ine ndinayang'ana pansi.

Kenako ndinatambasula chikhatho changa. Anachimenya, phaa! "Po." Phaa! "Pu." Pachitatu anasochera, n'kunditukwananso.

"Amayi, Tjark uyu si uja anabwereza kalasi kawiri?" anatero Hilke. "Lero ndiye mphunzitsi wanu?"

"Kamodzi," ndinatero. "Usandiwonjezere."

Ndinapitako masiku anayi otsatizana, ndikangomaliza kukama ng'ombe. Chisanu sichinaleke. Chikhatho changa chinafiira.

Lachisanu adokotala anawapatsa foni, n'kupita kuchipinda china kukawaimbira. Ine anandiimika pakhomo. Apa m'pamene ndinaona: dzanja lamoyo lija lagwira foni, chomenyera palibe. Hilke anagwira pakamwa.

Foni inalira. Aphunzitsi anaiika kukhutu. Kenako chidendene chawo chinagunda pansi.

"Po. Pu. Lie. Ren."

Panja galimoto yowaza mchere inadutsa, inafika pangodya, inakhota.

Chidendene chinagundanso.

"Laan. Seveni."

Hilke anatsitsa chikwama pamwamba pa kabati, anapindiramo zovala za amayi ake zobwerera nazo kunyumba kwawo, n'kutseka zipi.