Chilimwe Chimene Amayi Anaonda

Fungo lake linali ngati la udzu wonyowa ukamapsa, losakanikirana ndi kena kake kowawa ngati masamba a nimu. Linkadzaza nyumba yathu ya lendi ku Chilomoni, n'kukanirira m'makatani ndi m'yunifolomu yanga, moti mnzanga wokhala naye desiki anandifunsapo ngati kwathu kunali wodwala. Anali tiyi wochepetsa thupi amene amayi anayamba kumwa chilimwe chimene ndinali Sitandade 5.

Amayi anali munthu wathupi, monga analili achemwali awo onse kumudzi ku Nsanje. Ankakazinga mandasi ndi zitumbuwa n'kumagulitsa pabenchi pafupi ndi siteji ya minibasi. Chaka chimenecho mutu unayamba kuwavutitsa, ndipo kuchipatala anawapeza ndi BP. Anesi anawapatsa timapiritsi toyera ndi malangizo osakoma m'khutu: achepetse mchere, shuga ndi mafuta, azidya masamba ambiri, aziyenda tsiku lililonse, ndipo asamadumphitse mankhwala.

Poyamba anamvera. M'mawa, asanayatse mbaula, ankavala nsapato zakale za abambo n'kuyamba kukwera msewu wafumbi wolowera ku Michiru. Loweruka ndinkawatsatira. Ndimakumbukira befu wawo, thukuta likuyenderera m'khosi, ndi anyamata otsuka maminibasi akukuwa kuti mayi ayamba jimu. Akafika pamtunda ankaima manja m'chiuno, kuyang'ana malata a Chilomoni akunyezimira kumunsi. Mutu unasiya kuwawa, ndipo tulo tinayamba kubwera. Koma siketi yawo yakutchalitchi inkawathinabe, ndipo maso a amayi anali pa siketiyo.

Chifukwa chake chinalipo. Abambo ankayendetsa lole ya kampani ina, ndipo anali atayamba kukhalitsa kumaulendo. Tsiku lina, atakhala pakhonde ndi anzawo, ananena kuti mkazi wawo akakwera minibasi kondakitala amawerengera anthu awiri. Anzawowo anaseka. Amayinso anaseka nawo, kenako analowa m'nyumba ndipo anakhalitsa mmenemo.

Sabata yotsatira kunabwera Anti Loveness, amene ankaimba ndi amayi kwaya. Anatulutsa m'chikwama mapaketi obiriwira ndi chithunzi cha mzimayi mmodzi atajambulidwa kawiri, uku wonenepa, uku wowonda akumwetulira.

"Amake Tiya, mukudzizunziranji ndi mapiri ngati mbuzi?" anatero. "Tiyi uyu amatsuka m'thupi monse. Mafuta amasungunuka, BP imathera pomwepo. Mapiritsi anuwo ndi amene akukunenepetsani."

Madzulo omwewo amayi anaika mapiritsi aja pamwamba pa kabati, pamene tinkaponya zinthu zopanda ntchito.

Kuyenda kunathera pomwepo, chifukwa tiyi uja sankalola munthu kutalikira chimbudzi. Chimbudzi chathu chinali chokumba, chogwiritsa ntchito mabanja onse a pamdadada wathu, ndipo posakhalitsa aliyense anazolowera kuona amayi akuthamangira kumeneko atagwira chitenje. Chakudya anachepetsa mpaka kutsala kachidutswa ka papaya masana. M'mawa tiyi, madzulo tiyi. Ankamwa ataima, atatsinzina, ngati mwana womwa mankhwala a malungo.

Thupi linatsika mwachangu. Siketi ija inayamba kukhwepa, mpaka anaigwiriza ndi pini. Lamulungu lina azimayi anawazungulira panja pa tchalitchi n'kumawayamikira, ndipo amayi anabwerera kunyumba akuimba njira yonse. Sindinawaonepo osangalala choncho.

Kenako Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Mipopi inkauma masiku angapo, fumbi linkalowa mpaka m'mano. Masaya a amayi analowa m'kati, milomo inang'ambika, khungu linatuwa ngati lapakidwa phulusa. Zaka zimenezo munthu akaonda mwadzidzidzi anthu ankangoganiza chinthu chimodzi. Ndili pamzere pa kiyosiki ya madzi ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake, osadziwa kuti ndili kumbuyo kwawo.

"Kuonda kwake kumeneku? Amuna awotu ndi a pamsewu."

Makasitomala anayamba kulambalala benchi yathu. Mandasi ankabwerera m'beseni madzulo, ndipo tinkawadya ozizira mpaka kutikola. Mnzanga wa nyumba yoyandikana analetsedwa kudya kwathu. Amayi ankadziwa zonsezi, koma Anti Loveness anawauza kuti kufookako ndi chizindikiro choti zoipa zikutuluka, angolimba mtima pang'ono.

Tsiku limene amayi anagwa ndinali nditangoweruka kusukulu. Anakhala pampando waufupi pafupi ndi mbaula, mafuta akuwira m'chiwaya. Anandiitana, koma dzina langa linatuluka lopindika, ngati ali ndi madzi m'kamwa. Nditawayang'ana ndinaona mlomo wawo utakokekera mbali imodzi. Chipande chinagwa m'dzanja lawo, ndipo iwonso anapendekera pang'onopang'ono mpaka kugona pafumbi. Azimayi omwe aja a pa kiyosiki ndi amene anawanyamula pachitenje kukawakweza minibasi.

Kuchipatala chachikulu adokotala anati ndi sitiroko. Thupi linali litauma, BP itakwera moopsa. Anafunsa kuti amayi anamwa liti mapiritsi komaliza, koma abambo sankadziwa n'komwe kuti anasiya. Magazi anayezedwanso, ndipo kachilombo sikanapezeke. Nkhani imeneyi sinayende m'makomo ngati inzake ija.

Anti Loveness anabwera kuwodi ndi phava la nthochi. Anagwada pambali pa bedi n'kulira mpaka anesi anawatulutsa. Ine ndinakana kuwapatsa moni.

Amayi anabwerera kunyumba mvula yoyamba itagwa, dzanja lamanzere litafa, mwendo akuchita kukoka. Sanakazingenso mandasi. Chiwaya chinagulidwa ndi mayi wina wa ku Mbayani. Abambo anapirira nafe mpaka chimanga chitacha, kenako ulendo wina wa ku Mwanza sunawabwezenso. Amayi anakhalabe ndi moyo zaka zingapo, akulankhula mawu ochepa, ndipo za tiyi uja sanazitchulepo.

Ndili mwana nkhani yonseyi inali yosavuta kuimvetsa. Panali munthu woipa amene anabwera ndi poizoni m'chikwama, ndipo ndinkapemphera kuti Mulungu amulange. Panapita zaka zambiri ndisanakumbukire bwino nkhope imene ndinaiona kuwodi kuja. Milomo ya Anti Loveness nayonso inali yong'ambika, diresi linkangolendewera pamapewa. Tiyi uja ankamwanso iwo, ndipo ankamukhulupirira ndi mtima wonse.

Pano ndafika pa msinkhu umene amayi anali nawo, thupi langa ndi lawo lomwe lija, ndipo BP nayonso inandipeza. Ndikudziwa tsopano kuwawa kwake kochita chinthu choyenera tsiku ndi tsiku popanda wokuyamikira. Ndikakumbukira chilimwe chija munthu woipa sindimuonanso. Ndimangoona azimayi awiri otopa ndi kusekedwa, amene analibenso mphamvu zodikira.