Tsiku Limene Ndinathawa Kulembedwa

Ndikukumbukira tsikulo chifukwa cha chisanu. Julaye wapitayu mwana wanga, namwino pachipatala cha ku Murdoch, anatinyamula banja lonse kuchoka ku Rockingham, komwe tikukhala kuno kutsidya kwa nyanja, kukaona nyumba zakale zamiyala ku Fremantle. Mphepo ikulasa m'mafupa, adzukulu akulongolola Chingerezi chawo cha m'mphuno, ine n'kugwira khoma lozizira la nyumba ina, mtima unangoti myuu. Khoma lotere ndinaligwirapo ndili kamwana.

Zaka musandifunse. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mano akutsogolo anali atangoguluka.

Zinayamba ndi manong'onong'o. Ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikuumba tiana tadothi, pomwe ndinamva bambo akuuza mayi motsitsa mawu: "Loweruka tipite naye kuboma, tikamulembetse. Koma alongo anu asamve."

Kulembetsa! Mawu amenewo ndinkawadziwa ine. Bambo anga aang'ono analembedwa kupita kumigodi ya ku Joni, osaonekanso. Akazi awo mukawafunsa ankangoti, "Chilembedwereni." Ndiye kwa ine, dzina likalowa m'buku la munthu wa kuboma, mwini dzinayo basi, wapita.

Ndinayamba kuwayang'ana ndi diso lina makolo angawo. Bambo, munthu wosacheza ndi ana, anayamba kundiitana m'mawa uliwonse. "Esinati, tadutsitsa dzanja pamutu, ugwire khutu la uko." Ndikaligwira, ankagwedeza mutu mokhutira, ngati wogula mbuzi akaipapasa nthiti. Mayi anandisokera diresi lamaluwa, Khirisimasi ikadali kutali. Loweruka m'mawa anandiwiritsira dzira, ine mtsikana, pomwe kwathu mazira tinkaletsedwa. Ndinadya, inde, koma linatsika movuta.

"Kodi tikupita kuti, amayi?"

"Kukaona linga la azungu," anayankha, maso ali kumbali. "Kuli mzinga waukulu wankhondo. Anzako onse sanauonepo."

Tinakwera lole ya chimanga, mayi atabereka kamlongo kanga. Unali mwezi wa Juni, nkhungu ili tolo, zala zosapindika. Njira yonse ndinkaloweza mitengo ndi milatho, kuti akandisiya ndidzadziwe pobwerera.

Lingalo linali pamwamba pa tauni, pakaphiri. Makoma ake amiyala, okhuthala kuposa kutalika kwa mkono wa bambo, ali ndi timabowo totulutsira mfuti. Mzinga unalipodi, wadzimbiri, mbuzi itagona pansi pake. Bambo anandikweza pamwamba pake n'kuseka. Kuseka bambo! Apa ndiye ndinati zoona, akunditsanzika.

Kenaka anati, "Tiyeni titsikire apo, tikaone anthu."

Kumunsi kwa linga kunali nyumba yaitali ya njerwa, ndipo pansi pa mtengo panali tebulo. Patebulopo panakhala bambo wina wajekete, buku lalikulu patsogolo pake. Ana anali pamzere ndi makolo awo. Mwana akafika, ankadutsitsa dzanja pamutu n'kugwira khutu. Wajeketeyo n'kulemba. Akatero, mayi wina ankamugwira mwanayo padzanja n'kulowa naye m'nyumba muja. Ndinadikira kuti ndione wotuluka. Sindinaone ndi mmodzi yemwe. Kamtsikana kena kankalira, kukakamira chitenje cha mayi ake.

"Ndikufuna kukataya madzi," ndinatero.

"Fulumira," anatero mayi. "Mzere ukuyenda."

Ndinathamanga kubwerera kulinga, n'kulowa m'kachipinda kamdima kopanda chitseko, konunkha zitosi za mileme. Ndinadzipanikiza pakhoma. Kuzizira kwa mwala kunadutsa diresi latsopano lija mpaka kumsana, mano otsalawo akugundana. Pakabowo ka mfuti ndinkawaona onse. Mayi akuzungulira, "Esinati! Esinati iwe!" Bambo akupita kutebulo, chipewa m'manja, kuwerama, kuloza kuphiri, kubwerera. Anapita katatu. Ine mumtima ndinkati, nyengererani, mbuzi yanu yadula chingwe.

Dzuwa litapendeka, wajekete anatseka buku, tebulo n'kulowetsedwa. Posakhalitsa chitseko chinatseguka, ana onse aja n'kutuluka, akudumphadumpha, aliyense ndi kasileti m'manja. Ngakhale kolira kaja kankaseka.

Ndinatuluka ndekha. Ndinkayembekeza mbama, koma bambo anangondiyang'ana, nayang'ana diresi lodetsedwa lija.

"Unabisaliranji?"

"Mumafuna kundilembetsa ngati bambo aang'ono."

Mayi anagwira pakamwa. Bambo anakhala pansi pamwala. "Sukulu, mwana wanga," anatero. "Imeneyi ndi sukulu. Malo a atsikana atha."

Tinabwerera kumudzi madzulo omwewo. Ndipo nkhani siigona panjira: wina wa palole paja anakaifikitsa kwa malume. Kwathu ana ndi a kuchikazi, bambo anali mkamwini chabe. Malume anabwera n'kuima pabwalo. "Alamu, mwayamba kuba ana a eni? Mtsikana alere mwana, mayi ake alime." Bambo anangowerama. Chaka chotsatira khutu ndinkaligwira mosavuta, koma panalibenso wondifunsa.

Lero pasitima ya kuno ndimawerenga masiteshoni ndi zala, chifukwa zolembedwa pakhoma kwa ine ndi mapazi a nkhuku. Nkhani inonso akundilembera ndi mdzukulu, akudandaula kuti Chichewa n'chotalika mawu.

Kwa zaka zambiri ndinkati cholakwa chinali changa. Kenaka ndinkati chinali cha malume. Pano ndikuona kuti bambo anabisa zabwino poopa akuluakulu, ine n'kubisa mantha poopa bambo, ndipo pakati pa zobisa ziwirizo sukulu yanga inagwera pomwepo. Kukayikira sindinasiye, ndisanameyi. Mwana wanga ndi mwamuna wake akayamba kunong'onezana m'Chingerezi kukhitchini, khutu langa limaima. Koma masiku ano sindikabisala. Ndimalowa momwemo n'kufunsa: "Mwanena chiyani za ine? Bwerezani m'Chichewa." Amaseka, n'kundiuza. Ndikanafunsa choncho kuseri kwa nkhokwe kuja, sindikanathawa bambo, munthu yekhayo amene anali kumbali yanga.