Magalasi a Malemu

Mwana wanga wamkazi sanali kuona bwino. Anali kupunthwa paliponse, ndipo kusukulu anali kulila chifukwa bolodi inali ngati utsi. Kuchipatala anamupima maso, nati afunika magalasi, koma chogwilila magalasiwo tipeze tokha.

Atate ake anali atangomwalila kumene, katundu wawo ali womanga m'chitenje, kudikila tsiku loti achibale agawane. Munali magalasi awo akuda akalekale, amene anali kuvala pa njinga popita ku Nyimba. Ndinawatenga mobisa. Bambo wokonza magalasi ku Petauke anawaviika m'madzi otentha, natulutsa akudawo, nalowetsa oyela amene anasema kuti akwane. Anali aakulu kwa mwanayo, ndiye ndinamangila kalabala kumbuyo kwa mutu. Mwana anayang'ana m'mwamba nati, "Amama, kansi masamba amaoneka limodzilimodzi?"

Tsiku logawa katundu, alamu anga, alongo awo a malemu, anamuona mwana atavala magalasiwo.

"Mulamu, mwayamba kale kugawa mwekha? Fumbi la kumanda likali kumapazi!"

Anawazula kumaso kwa mwana, labala n'kumukwapula khutu. Ndinagwada pansi.

"Alamu, chonde, mwanayu ndi magazi anu, saona."

Anati za malemu zili ndi eni ake, napatsa mng'ono wa malemu. Iye anavala, naseka. "Ah, izi zichititsa chizungulile!" Anakankha oyela aja ndi chala, iwo nagwela m'fumbi, iye navalanso chogwilila chopanda kanthu, anthu akuseka.

Mwana anayamba kupapasa pansi. Ine ndinali nditamva kale galasi limodzi likuphwanyika pansi pa nsapato ya mng'ono wa malemuyo, koma sindinamuuze.