Sitonkeni ya m'bokosi la masipanala

Ndikukumbukira galimoto ya bambo anga ngati ndaiona dzulo, ngakhale sindinaionepo ikuyenda. Wandikumbutsa ndi mwamuna wanga. Chisinthireni malamulo kuno ku Doha, kuti munthu atha kusintha ntchito osadikira kalata ya bwana wakale, iye anasiya zokonza mabasi n'kukalowa pagaraja yodzutsa magalimoto akalekale a ku Amereka, aja a mphuno zazitali ogunda ngati mvula ikubwera. Ine ndimangokhala mufulati kudera la Old Airport ndi mwana, poti korona inatseka ofesi yomwe ndinkagwirako. Madzulo amabwera akununkha penti, nkhope ili ngwee, ine mtima uli m'mwamba. Ndiye ndati ndiulule nkhani imene sindinauzepo munthu.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Liwonde. Bambo anali dalaivala wa lole. Tsiku lina masana tinangoona lole yawo ikukoka chigalimoto ndi chingwe, ana a m'dera lonse akuthamangira pambuyo. Anachigula kwa mzungu wa kuesiteti ya fodya amene ankabwerera kwawo. Chinali chachitali ngati bwato, zitseko ziwiri zokha, chiwongolero kumanzere, dzimbiri paliponse. M'kati munkanunkha zitosi, chifukwa nkhuku za kuesitetiko zinkaikira pampando wakumbuyo. Aneba anati a Jafali agula khola la matayala. Bambo anangosisita boneti n'kunena kuti masilinda ake ndi eyiti, ngati kuti pamenepo ayankha aliyense.

Anakachisiya kwa Che Sumani, makaniko wokalamba wa kuseri kwa njanji, pansi pa mtengo wa mango. Kuyambira pamenepo Loweruka ndi Lamulungu bambo sitinkawaona. Ankachoka tiyi asanazizire, n'kubwera dzuwa likulowa, akuimba likhweru. Amayi likhwerulo silinawasangalatse. Chaka chomwecho abambo aang'ono anali atakwatira mkazi wachiwiri, ndipo nawonso anayamba ndi kusangalala kopanda chifukwa. Kuwonjezera apo, Che Sumani anali ndi mwana wamkazi, Abiti Sumani, wongobwera kumene kuchokera ku Joni, wopanda mwamuna, wovala nsapato za gogoda popita kumjigo.

Loweruka lina amayi anandisenzetsa chigubu cha thobwa. "Ukatule, koma usathamangire kubwerera," anatero. "Maso amenewo si okongoletsera nkhope."

Ndinapeza miyendo yokha ya bambo ili kunja kwa galimoto. Atatuluka, mafuta mpaka m'makutu, anasangalala kundiona kuposa momwe ndinkayembekezera. Anandikhazika pachiwongolero, mpando ukuwotcha ntchafu, n'kundionetsa chitseko chimodzi chomwe anali atachipala ndi sanipepala mpaka kusalala ngati mbale. Kenaka anandituma sipanala m'bokosi lachitsulo. Pansi pa masipanala ndinapeza sitonkeni yaitali ya nayiloni, ya akazi, ndi kabotolo ka utoto wofiira wa zikhadabo. Ndinaunguzaunguza pabwalo ponse. Panali Che Sumani akuwodzera ndi mbuzi ikudya katoni. Abiti Sumani kunalibe.

Kunyumba ndinapeza amayi akupeta mpunga. Nditatchula za sitonkeni, lichero linaima. Anandikokera pafupi n'kundiyang'ana m'maso, zomwe sankachita chibadwire mlongo wanga wamng'ono. Ndinamva kukoma, ndisaname. Kwa nthawi yoyamba ndinali munthu wofunika pakhomo.

"Nanga mwini wake wa zinthuzo?" anafunsa amayi.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Ndinaona kuti yankho loti kunalibe liwakhumudwitsa, ndipo lichero liyambanso kupeta. Ndinati ndinamuona, atakhala pampando wakutsogolo, akuseka. Ndinawonjezera kuti anavala mpango wobiriwira, poti bodza lopanda mtundu silimveka.

M'mawa mwake tinali pamatola kupita ku Ntaja kwa amalume. Patatha masabata awiri ankhoswe anakhala pansi, ndipo bambo anabwera ndi Che Sumani atanyamula bokosi lija. Che Sumani anakunga sitonkeni pakamwa pa chitini n'kuthirapo penti. Penti inadutsa, zinyalala n'kutsala pamwamba. Anati umu ndi momwe amasefera penti isanapoperedwe, ndipo masitonkeni amagula yekha pakaunjika, azimayi ogulitsa akumuseka. Utoto wofiirawo amadonthezera pabawuti iliyonse yomwe amanga kale, kuti asaiwale poti mutu wakalamba. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha.

"Chabwino," anatero amayi. "Nanga wa mpango wobiriwira uja amasefa chiyani? Mwana sanama."

Onse anatembenukira kwa ine. Ndikukumbukira nyerere zomwe zinkakoka njere ya mpunga pafupi ndi phazi langa, chifukwa ndi zokhazo zomwe ndinkatha kuyang'ana. Bambo anandiyang'ana nthawi yaitali. Akanatha kunena kuti ndine wabodza, ndipo amalume akanathyola kamtengo pomwepo. Koma anangoti, "Mwina dzuwa linamuthobwa m'maso."

Ankhoswe anagamula kuti popeza galimotoyo ndi imene ikuwatengera bambo kuseri kwa njanji, ichoke kuti banja likhale. Bambo sanatsutse. Inatengedwa ndi anthu osula mbaula ndi makasu, mbali imodzi itapakidwa kale buluu wonyezimira, injini isanalire ndi kamodzi komwe. Ife tinabwerera ku Liwonde. Loweruka bambo ankakhala pakhonde kumvera wailesi, amayi n'kumati aona, munthu wabwerera m'nzeru zake. Abiti Sumani azimayi anasiya kumuyankha moni kumjigo, ndipo pasanathe chaka anabwerera ku Joni. Ine ndinakula, ndinapita kukoleji, ndinakwatiwa, osatsegula pakamwa.

Masiku ano zinthu zinasintha. Palibe amene amatuma mwana ndi chigubu cha thobwa, foni ndi imene imatumidwa. Mwamuna wanga akaona ndayamba kuyang'ana foni yake m'mbali amangoiponya pabedi. "Yalla, tsegula, mafi mushkila," amatero m'Chiarabu cha kuno, kutanthauza kuti palibe vuto. Ndimapezamo zithunzi za mainjini zokhazokha, ndipo m'malo momasuka ndimaganiza kuti wafufuta bwino. Ndimachita manyazi, koma mawa lake ndimayang'ananso.

Sabata yatha ndinali ndikumuluka tsitsi Zainabu, mwana wanga wa zaka zinayi. Mawu anangotuluka okha. Ndinamufunsa kuti adadi amalankhula ndi ndani akatuluka pakhonde ndi foni. Mwanayo anatembenuka n'kundiyang'ana kumaso, osati ngati akukumbukira, koma ngati akuwerenga.

"Ndi... anti?" anatero pang'onopang'ono, akudikira kuti aone ngati wakhoza.

Ndinamuuza kuti halasi, basi zatha, amami afunsa zopusa, ndipo ngati sakudziwa kanthu azingoti sindikudziwa. Anavomera ndi mutu, koma ndinaona kuti wakhumudwa pang'ono, ngati walandidwa switi.

Bambo akalamba tsopano, maso ayamba kuvuta, koma foni amayankha okha. Ndatsimikiza kuti Lachisanu likubwerali, akatuluka kumzikiti, ndiwaimbira n'kuwauza kuti pampando paja panalibe munthu. Iwo akudziwa kale, ndipo si chimene chikundiwopsa. Chikundiwopsa n'chakuti akamaliza kumva, ndidzayenera kuwapempha kuti apereke foni kwa amayi.